Kasungidwe ka chimanga ndi ndiwo kuti zifike mu Febuluwale

Pokolola aliyense amakhalapo, ana, abambo, ngakhale achibale amene sanaoneke nthawi yopalira. Koma ikafika ntchito yosunga, mayi amatsala yekha. Ine ndimakhala ku Dowa, chakufupi ndi Madisi, ndipo ndimalima munda umene anandisiyira amayi anga. Zimene ndilembe pano ndi zomwe ndimachita chaka ndi chaka kuti ana anga asagone ndi njala mu Januwale ndi Febuluwale. Zaka zina mvula imakana, monga mu 2024 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, ndipo zikatero palibe wom'nena mnzake. Koma m'zaka zabwinobwino, mabanja ambiri amene amakapempha ganyu nthawi ya dzinja amakhala atakolola ndithu. Chimanga chawo chimathera kwa mavenda mu Meyi, china kwa anankafumbwe, china chimachita chuku. Zimenezi mayi angathe kuziletsa.

Musanagulitse ngakhale ndowa imodzi, werengani kaye pakamwa pamene mukudyetsa. Musafunse kwa oyandikana nawo kuti matumba angati amakwanira, chifukwa anyamata awiri osinkhuka amadya mosiyana kwambiri ndi tiana tiwiri ta ku mkaka. Tengani kope lakale la mwana, lembani tsiku limene mwatsegula thumba la makilogalamu 50, ndipo mudzalembenso tsiku limene latha. Tinene kuti latha pa masabata atatu. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye kuti nsima yokha ikufuna matumba 18. Pamenepo simunawerengere maliro, chinkhoswe cha mphwanu, thobwa la pa Khirisimasi, chopereka cha masika ku tchalitchi, apongozi amene mphamvu zolimira zinawathera, ndi anthu amene mudzawalipire chimanga akadzakuthandizani kubandira. Chakudza sichiimba ng'oma. Ine ndimaonjezera matumba anayi kapena asanu pamwamba pa chiwerengero cha nsima, ndipo sindinaonepo akutsala ambiri.

Chiwerengerocho mukachipeza, khalani pansi ndi abambo akunyumba, makamaka madzulo mutadya, ana atagona. Musakambirane nkhaniyi venda ataima kale pakhomo ndi sikelo yake, mudzagonja. Kwathu tinagwirizana kuti ndalama za fizi, za feteleza ndi za malata zizichokera ku soya, fodya ndi mtedza wogulitsa, koma matumba a chakudya sakhudzidwa popanda mawu anga. Matumba amenewo ndimawaika pa mulu wawokha, ndipo ndimawalemba ndi makala. Zimaoneka ngati zachibwana, koma munthu amachita manyazi kunyamula thumba lolembedwa kupita nalo kumsika pamene thumba losalembedwa amangoti ndimayesa ndi lotsala.

Kusunga kumayambira kumunda. Chimanga chikakhwima, makoko atauma ndipo zisononkho zayamba kuweramira pansi, musachisiye nthawi yaitali. Ambiri timadula ndi kuimika mikukwe, ndipo palibe cholakwika, koma mkukwe ukakhalitsa chiswe chimalowa pansi, mbewa zimamanga momwemo, ndipo anankafumbwe amayambira konko kuikira mazira musanafike nacho n'kunyumba komwe. Pokolola musaponye chimanga pa dothi. Yalani lona, mphasa yakutha kapena matumba ong'ambika, chifukwa chuku chimachokera m'nthaka. Ndipo sankhani pomwepo: chowola, chodyedwa ndi mbalame kunsonga, ndi chimene chinagwa n'kumera, chikhale pachokha. Ana amaikonda ntchito imeneyi mukawalonjeza nzimbe.

Tsopano kuyanika, komwe anthu ambiri amachita mothamanga. Chimanga chimaoneka chouma kunja pamene mkati chidakali ndi chinyezi, ndipo mukachitsekera m'thumba chotero chimatentha, chimasintha fungo, ufa wake umawawa. Tonolani, petani bwino kuti zinyalala ndi fumbi zichoke, ndipo yanikani pa lona mopyapyala, mukutembenuza masana, madzulo n'kulowetsa kapena kufunditsa kuopa mame a mu Juni. Potonola pewani kumenya chimanga ndi ndodo m'thumba. N'zachangu, inde, koma njere zosweka ndi zimene tizilombo ndi chuku zimayambirapo. Amayi athu ankayesa poluma: njere youma imalira kuti khwa n'kusweka, yachinyezi imangophwanyika mwakachetechete. Njira ina imene alangizi amaphunzitsa ndi ya mchere. Pezani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wosalala wouma sipuni ziwiri, tsekani, khutchumulani, ndipo lisiyeni kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Ukangogwera pansi botolo lili mbee, chauma. Onetsetsani kuti mcherewo ndi wouma, apo ayi udzakunamizani. Ine ndimayamba ndauyanika kapena kuuotcha pang'ono pa chiwaya.

Achikulire ena amadandaula kuti masiku ano pakhomo sipaonekanso nkhokwe. Ine ndinakulira pa nkhokwe ndipo ndimaikumbuka bwino, koma zinthu ziwiri zinasintha. Choyamba ndi akuba, nkhani imene sifunanso kufotokoza. Chachiwiri ndi nankafumbwe wamkulu uja, amene kwawo kwenikweni ndi ku Central America, ndipo analowa m'Malawi muno koyambirira kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku Tanzania. Ameneyu saopa makoko, amaboola chisononkho ngakhale mitengo ya nkhokwe imene, ndipo akalowa mumangopeza ufa pansi. Chimanga chosatonola ndiye amachikonda kwambiri. Komanso mbewu zambiri za haibulidi zili ndi njere zofewa kuposa chimanga cha makolo, choncho zimafumbwa msanga. N'chifukwa chake ine ndimatonola chonse n'kuika m'matumba, m'nyumba.

Pa matumba pali njira ziwiri, ndipo ine ndimakonda ya matumba a PICS, aja osalowa mpweya. Anawakonza akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, poyamba kuti azisungira khobwe kumadzulo kwa Africa, koma amasunganso chimanga ndi nyemba bwinobwino. Thumba limodzi limakhala ndi zigawo zitatu: mapulasitiki awiri m'kati ndi saka wamba kunja. Simuthiramo mankhwala. Tizilombo timene talowa ndi chimanga timapuma mpweya umene ulimo mpaka kutha, kenako timafa tokha. Ndiye chinsinsi chake chonse chagona pa kusalola mpweya wina kulowa.

Musanathire kanthu, tengani pulasitiki iliyonse, ikupizeni kuti idzaze mpweya, gwirani kukamwa kwake ndipo finyani. Ikamaphwa ndiye kuti yabooka penapake. Matani ndi tepi ngati kabowo n'kakang'ono, kapena isiyeni. Lowetsani pulasitiki yoyamba m'yachiwiri, zonse ziwiri mu saka, ndipo pindirani milomo kunja. Thirani chimanga pang'onopang'ono, mukugwedeza kuti chikhazikike, ndipo musadzaze mpaka kukamwa, siyani malo omangira. Mukatero finyani mpweya wonse utuluke mu pulasitiki ya m'kati, potokolani mlomo wake, upindeni, ndipo mangani ndi chingwe kapena mphira wa chubu cha njinga. Kenako chitani chimodzimodzi ndi yachiwiri payokha, ndi saka payekha. Anthu ena amamanga zonse zitatu pamodzi kuti achite changu, kenako amati matumbawa ndi abodza. Musamange ndi waya, amaboola. Ndipo thumba mukalitseka musamalitsegule sabata iliyonse kuti muone ngati chimanga chilipo. Mukafuna kutapa, tapani chokwanira ulendo umodzi wa kuchigayo n'kumanganso nthawi yomweyo. Matumbawa ndi okwera mtengo kuposa masaka wamba, koma mukawasamala amagwira zaka zingapo. Ngati ndalama sizikukwana ogulira chimanga chonse, gulani oti musungiremo chimene mudzadye kuyambira Disembala kupita mtsogolo, chifukwa chimenecho ndiye chimakhalitsa.

Njira yachiwiri ndi mankhwala a ufa monga Actellic. Amagwira ntchito, malinga mwagula enieni. Gulani m'sitolo yovomerezeka ya zipangizo za ulimi, botolo likhale lomata, ndipo onani tsiku limene mphamvu yake ithere. Aja opimidwa ndi sipuni pamsika, m'timapepala topanda dzina, asiyeni. Ogulitsa ena amawasakaniza ndi phulusa kapena ufa. Muyezo wa mankhwala enieniwo walembedwa pa botolo, ndipo ngati zilembo n'zazing'ono itanani mwana wa sukulu akuwerengereni. Osachepetsa kuti akwanire matumba ambiri, osachulukitsanso poganiza kuti ndiye agwira bwino. Khuthulani chimanga pa lona, wazani mankhwala, ndipo sakanizani ndi fosholo mpaka afalikire ponse. Mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno, ana ndi nkhuku akhale kutali, ndipo mukatha sambani ndi sopo. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi, choncho cha mu Novembala pisani dzanja m'matumba, mukamva kutentha kapena mukaona ufa, khuthulani, yanikani, petani.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani, amayi anzanga, musalowetse m'nyumba yogonamo: mapilitsi aja amene amaika m'matumba n'kumatulutsa mpweya wa poizoni. Anawapangira nyumba zikuluzikulu zosungiramo mbewu, ndipo oyenera kuwagwiritsa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa. Mpweya wake umadutsa m'masaka n'kudzaza chipinda, ndipo umapha munthu, makamaka mwana amene wagona pansi pafupi ndi matumba. Wina akakuuzani kuti ndi otchipa, muuzeni akaike kwawo.

Matumba asagone pa dothi kapena pa simenti. Yalani njerwa, pamwamba pake matabwa kapena mitengo, ndipo siyani mpata pakati pa mulu ndi khoma woti mphaka azidutsa. Chipindacho sesani kaye, ndipo chimanga chakale chotsala musachiphatikize ndi chatsopano. Masaka akale amene mukufuna kugwiritsanso ntchito aviikeni m'madzi otentha n'kuwayanika, chifukwa m'misoko mwake mumabisala mazira. Makoswe ndiye mdani wamkulu wa matumba a PICS; kabowo kamodzi basi, ntchito yonse yawonongeka. Yang'ananinso denga mvula isanayambe. Kudontha kwa mvula yoyamba kumaonongetsa thumba lapamwamba anthu osazindikira.

Kadyedwe nakonso kali ndi dongosolo lake. Yambani ndi chimanga chimene munachipatula chifukwa njere zake n'zazing'ono kapena zosweka koma zosawola, kenako haibulidi, ndipo cha makolo chikhale chomaliza popeza chimapirira. Za ufa, ndikudziwa kuti abambo ambiri amafuna ufa woyera, ndipo nanenso ndimaukonda ndi nkhuku ya lokolo. Koma mukakonola, n'kuviika, n'kuyanika, gawo lalikulu la thumba limapita ku gaga. Mgaiwa umatulutsa ufa wambiri pa thumba lomwelo, umakhalitsa m'mimba, ndipo uli ndi chakudya chimene mphale imataya. Kwathu kuyambira Okutobala timadya mgaiwa kapena gramili, woyera timasungira alendo ndi masiku a chikondwerero. Poyamba kunali kung'ung'udza, pano anazolowera. Mukakonoletsa, gaga musamusiye kuchigayo. Muyanikeni, ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, ndipo amene anaona njala ya 2002 akudziwa kuti anthu anamudya.

Chimanga chokha si chakudya. Nsima yopanda ndiwo mwana amangoiyang'ana, ndipo kusikelo amatikumbutsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Ndiye tikambe za mtedza, chifukwa nsinjiro ndi imene imasandutsa masamba wamba kukhala ndiwo. Mtedza ndi umene chuku chimaukonda kwambiri, ndipo poizoni wa chuku, amene achipatala amamutcha aflatoxin, saphikika. Mungakazinge, mungawiritse, amakhalabe momwemo. Amaononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amathandizira kupinimbiritsa ana. Kumbani mtedza ukangokhwima, musadikire kuti uyambe kuthothokera m'nthaka. Pouyanika musausiye utagona pa dothi. Uzondotseni kuti makoko ayang'ane kumwamba, kapena sanjani milu ija alangizi amaitcha Mandela cock, yokhala ndi mpata pakati kuti mphepo izidutsa. Wauma ngati njere zikulira m'makoko mukaugwedeza.

Wakudya pakhomo usungeni ndi makoko ake, muzisenda wokwanira sabata imodzi kapena ziwiri. Ndipo chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, kapena kuti ulemere pa sikelo, chisiyeni, ndicho chimaitana chuku. Pali chinanso chimene chimandipweteka mtima. Timasankha mtedza wabwino wa CG7 kapena Chalimbana kupita nawo kumsika, ndipo wonyala, wakuda ndi wowawa uja timati uwu ndi wa nsinjiro, n'kuthira m'phala la mwana. Ndiye kuti wogula wa ku Lilongwe adye zabwino, mwana wanga adye poizoni? Ayi. Patulani wa pakhomo poyamba, ukhale wabwino, ndipo wowola mukwirire. Musapatsenso nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, chifukwa poizoniyo amadutsa mpaka mu mkaka.

Mfutso ndiye ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse, mwina chifukwa ndimaigwira nditakhala pansi ndi ana aakazi tikucheza. Nthawi yake ndi Febuluwale mpaka Epulo, masamba ali mbwee m'munda moti ena amangoponda. Amene alibe dimba amadzawafuna mu Seputembala ndi Okutobala, kunja kuli gwaa, mpiru wa pamsika utakwera mtengo. Nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso, luni, denje, zonsezi zimafutsika. Tcherani masamba anthete m'mawa, sadzulani nkhwani, tsukani, ndipo ikani m'madzi owira kale okhala ndi kamchere, kwa mphindi zochepa chabe, angofota n'kusintha mtundu. Mukawaphika mpaka kupsa, chakudya chonse chimatsalira m'madzi amene mutaye. Soda musathiremo. Tsanulani, finyani pang'ono, ndipo yalani mopyapyala pa mphasa yoyera pamwamba pa thandala, pomwe nkhuku ndi mbuzi sizifika. Ambiri timayanika padzuwa lamphamvu, koma pamthunzi podutsa mphepo masamba amasunga mtundu wobiriwira ndi mavitamini ambiri, ngakhale amachedwa kuuma. Denje ndi therere lobala lodula timangoyanika osawiritsa. Mfutso wauma ngati ukufumbutuka mukaufinya m'manja.

Posunga, amayi anga ankamanga zikwatu: masamba a msuku amawasanja bwino, mfutso pakati, n'kukulunga ndi luzi, kenako kupachika kudenga la khitchini komwe utsi umathamangitsa tizilombo. Ine ndimamangabe ziwiri kapena zitatu kuti ana aone kamangidwe kake, koma misuku yatha kuno kwathu, ndiye wambiri ndimaika m'zigubu zouma zotseka bwino. Mtundu uliwonse pawokha. Pophika, viikani kaye m'madzi ofunda, madzi omwewo muphikire, tomato pang'ono, nsinjiro yambiri. Chitambe chofutsa chotendera sindingachisinthanitse ndi kabichi wa pamsika.

Nyemba ndi khobwe zimafumbwa msanga kuposa chimanga. Ngati n'zochepa, chigubu cha malita 20 chotsuka bwino ndi chouma, chodzaza mpaka kukamwa n'kutseka zolimba, chimagwira ntchito mofanana ndi thumba la PICS. Musatenge chimene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala. Kusakaniza ndi phulusa losefa kumathandizanso. Soya musagulitse yense. Siyani ndowa imodzi kapena ziwiri za phala: kazingani soya mpaka fungo lauwisi lichoke, chotsani makoko, ndipo sakanizani gawo limodzi la soya ndi magawo anayi a chimanga popita kuchigayo. Mwana amene wamwa phala limeneli m'mawa sagona m'kalasi. Gayitsani lochepa nthawi imodzi, chifukwa ufa wa soya suchedwa kusasa.

Mbatata ikumbireni nkhuti pamalo okwera, pamthunzi. Ikani zosatemeka ndi khasu zokha, muziwaza phulusa pa mzere uliwonse, ndipo mufolere kuti madzi asalowe. Ya kholowa yofiira m'kati monga Zondeni kapena Kadyaubwerere ndi yabwino kwa ana chifukwa cha vitamini A. Mbatata ya m'mawa imapulumutsa ufa wambiri mu Julayi ndi Ogasiti.

Chotsala pamwamba pa chiwerengero chanu ndicho chogulitsa, ndipo ngakhale chimenecho musachithamangire. Mu Meyi ndi Juni aliyense akugulitsa, mtengo umakhala pansi; pofika Disembala chimanga chomwecho chimagulidwa modula, kawirikawiri ndi anthu omwe anachigulitsa aja. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, imvereni pa wailesi musanapite kumsika. Yezani thumba lanu pa sikelo ina musanakumane ndi wogula, ndipo kanani zogulitsa pa ndowa yotambasulidwa ndi moto. Vuto ladzidzidzi likagwa, monga matenda kapena fizi ya teremu yachitatu, ine ndimayamba ndagulitsa nkhuku kapena kubwereka ku banki mkhonde ndalama zochepa zimene ndikudziwa kuti ndibweza, thumba la chakudya likhale lomalizira.

Mbewu ya chaka chamawa isakhale pamodzi ndi chakudya, chifukwa tsiku lina ndiwo zikadzasowa mudzaiphika. Ya mtedza, nyemba, maungu ndi chimanga cha makolo sankhani nthawi yokolola, kuchokera ku mbewu zimene zinabereka bwino, ndipo chimanga mutenge njere za pakati pa chisononkho. Ya haibulidi musabwereze, zokolola zimatsika. Imeneyo muzigula yatsopano, ndipo ndalama yake ipatuleni tsiku lomwe mwagulitsa soya.